Tabuleti yakale ndi update yatsopano: onani izi musanadine Install

Chaka chilichonse cha mu September kampani ya Apple imatulutsa pulogalamu yatsopano yoyendetsera iPad, ndipo Google nayo imatulutsa Android yatsopano. Mu 2025 Android 16 inatuluka mu June, iPadOS 26 n'kutsatira pa 15 September. Zikatero mavidiyo amachuluka pa YouTube ndi pa TikTok, anthu akuonetsa zodabwitsa pa matabuleti ongotulutsidwa kumene m'katoni. Athu ambiri kuno ku Blantyre katoni yake sitinaione. Ena anabwera ndi achibale ochokera ku Joni, ena tinagula ku Limbe kapena kwa munthu wa pa Facebook, ena anatsalira ku ofesi pulojekiti itatha. Tabuleti yotere ili ndi malire amene kampani inaika kale, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kuwadziwa malirewo. Zogula bandulo kapena zopita nayo kwa okonza zibwere pambuyo.

Choyamba: pezani dzina lake lenileni

Kunena kuti "ndi iPad" kapena "ndi Samsung" sikukwanira. Pa iPad lowani mu Settings, kenako General, kenako About. Pa mzere wa Model Name pali dzina lake. Mukadina kamodzi pa Model Number pamatuluka nambala yoyamba ndi chilembo cha A, ndipo pa iPad zambiri nambala yomweyi inalembedwanso ting'onoting'ono kumbuyo. Ilembeni papepala.

Kufunika kwake kuli apa. iPad ya m'badwo wa 7, ya mu 2019, ndi ya m'badwo wa 8, ya mu 2020, zimafanana ngati mapasa: sikirini ya mainchesi 10.2, batani lozungulira pansi, tchaja imodzimodzi. Koma A2197 ndi ya m'badwo wa 7 ndipo inathera pa iPadOS 18, pamene A2270 ndi ya m'badwo wa 8 ndipo imalandira iPadOS 26. Kusiyana kwake kuli m'kati, pa purosesa, ndiye ndi maso simungakuone. Wogulitsa mwina nayenso sakudziwa.

Pa Samsung lowani mu Settings n'kutsika mpaka pa About tablet. SM-T500 ndi Galaxy Tab A7 ya mu 2020, SM-T220 ndi Tab A7 Lite ya mu 2021, SM-X200 ndi Tab A8. Zolowa SIM nambala yake imathera ndi 5, monga T505 kapena X205. Mukatero dinani Software information muwerenge mizere iwiri: Android version ndi Android security patch level. Wachiwiriwu ndi deti, tsiku limene tabuleti inalandira komaliza zotseka mipata yolowera akuba a pa intaneti. Ine ndimaukhulupirira kuposa woyamba uja. Tabuleti ya Android 14 ya deti la miyezi ingapo yapitayo idakali ndi wakuyisamala. Ya deti la zaka zitatu zapitazo anaisiya, kaya sikirini yake ikuwala bwanji.

Palinso matabuleti otchipa opanda dzina lodziwika, aja amalembedwa pakatoni manambala aakulu a RAM ndi Android yaposachedwa. Ena mwa iwo amanama mpaka mu Settings momwe. Ikani pulogalamu ya CPU-Z kuchokera pa Play Store muone mzere wa API Level. Android 10 ndi 29, Android 13 ndi 33, Android 14 ndi 34, Android 16 ndi 36. Ngati Settings ikuti Android 13 koma API Level ndi 27, muli ndi Android 8.1 yongoipaka utoto, ndipo update musaidikirenso.

Chachiwiri: onani pamene inathera

Kwa Apple nkhaniyi ndi yosavuta chifukwa wopanga tabuleti ndi wopanga pulogalamu ndi mmodzi. iPadOS 26 imalowa pa iPad ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, iPad mini 5 kupita m'tsogolo, iPad Air 3 kupita m'tsogolo, iPad Pro ya mainchesi 11 iliyonse, ndi iPad Pro ya mainchesi 12.9 kuyambira m'badwo wa 3. Musadabwe ndi kudumpha kuchoka pa 18 kufika pa 26: palibe 19 kapena 25 imene munaiphonya, anangosintha kawerengedwe kuti kazitsata chaka.

Zotsalazo zinaima motere. iPad 7 ili pa iPadOS 18. iPad 6, ya nambala A1893, ili pa 17 limodzi ndi iPad Pro ya mainchesi 10.5. iPad 5 ili pa 16. iPad Air 2 ndi mini 4 zili pa 15. iPad Air yoyamba, mini 2 ndi mini 3 zinathera pa iOS 12, pamene iPad 2, iPad 3 ndi mini yoyamba zinathera pa iOS 9. Kuima pa 15 kapena 16 sikutanthauza kuti update yasiyiratu kubwera. Mu 2025 Apple inatulutsabe tizigamba tachitetezo ta iPadOS 15, 16 ndi 17. Timeneti musatikane, timakhala tating'ono ndipo sitisintha maonekedwe.

Kwa Android, Google ikatulutsa yatsopano sikuti imafika kwa inu. Imayamba yadutsa kwa Samsung, Lenovo kapena aliyense amene anapanga tabuletiyo, ndipo iwo ndi amene amasankha. Tab A7 inabwera ndi Android 10 n'kuthera pa 12. Tab A7 Lite ndi Tab A8 zinabwera ndi 11 n'kuthera pa 14. Galaxy Tab S8 inalonjezedwa ma Android anayi, kutanthauza kuchoka pa 12 kufika pa 16. Lonjezo la zaka zisanu ndi ziwiri limene mumamva ndi la zaposachedwa ngati Tab S10, silibwerera m'mbuyo kukatola zakale. Samsung imatchula zake ndi dzina la One UI: One UI 7 ndi Android 15, One UI 8 ndi Android 16.

Mitundu iwiri ili ndi njira yakeyake. Amazon Fire imayendera Fire OS ndipo siibwera ndi Play Store. Huawei zambiri zotuluka 2019 itadutsa zilibe mapulogalamu a Google.

Chachitatu: kodi zatsopanozo mukuzifuna?

Chachikulu mu iPadOS 26 ndi mawindo. Pulogalamu iliyonse mungaichepetse, kuikokera pambali, kutsegula zingapo nthawi imodzi monga pa laputopu, ndipo pamwamba pamabwera mzere wa menyu. Anabweretsanso Preview yowerengera ndi kulembapo pa PDF, ndipo Files anaikonza. Kwa wophunzira wa ku MUBAS kapena ku KUHeS amene ali ndi kiyibodi, manotsi mbali ino asayimenti mbali inayo, izi n'zothandizadi. Maonekedwe atsopano onga galasi otchedwa Liquid Glass, kwa ine, ndi zokongoletsa chabe, ndipo iPad yakale imazimva kulemera. Apple Intelligence ndiye iwalani: imafuna purosesa ya M1 kupita m'tsogolo kapena iPad mini ya A17 Pro. Ngakhale iPad wamba ya mu 2025 ilibe.

Ku Android zosintha za matabuleti zinayamba kuoneka ndi Android 12L mu 2022, imene inabweretsa mzere wa mapulogalamu pansi pa sikirini ndi kugawa sikirini pawiri mosavuta. Android 15 inabweretsa Private space yobisamo mapulogalamu, komanso kusunga mapulogalamu awiri kuti azitseguka limodzi. Android 16 imakakamiza mapulogalamu atsopano kudzaza sikirini yaikulu m'malo mokhala kamzere kopyapyala pakati. Zabwino, koma palibe chimene chingakuletseni ntchito mukachisowa.

Ndiye ngati tabuleti ndi ya ana yoonera makatuni, ndipo yanu ikulandirabe tizigamba tachitetezo, palibe chothamangira. Dikirani milungu ingapo. Zotuluka koyamba zimakhala ndi zolakwika, ndipo nthawi zina amachotsa chimene munachizolowera: Slide Over, kawindo koyandama pambali pa sikirini, inasowa mu iPadOS 26 n'kudzabwereranso mu 26.1 anthu atadandaula. Kumbukiraninso kuti pa iPad mukakwera simutsikanso, chifukwa pakangopita masiku ochepa Apple imatseka njira yobwerera ku yakale.

Chachinayi: konzekerani

Apa ndi pamene ambiri zimawavuta, ndiye tichedwepo.

Yambani ndi pasiwedi. Musanachite chilichonse tsimikizani kuti mukudziwa nambala yotsegulira sikirini, komanso imelo ndi pasiwedi ya akaunti imene ili m'tabuletimo, ya Apple kapena ya Google. Update ikatha iPad imatha kufunsa pasiwedi ya akauntiyo, ndipo zikavuta n'kufunika kuifufuta yonse, siitsegukanso popanda akaunti ya mwini wake. Apple amati Activation Lock, ku Android amati FRP. Ngati mu Settings pamwamba pali dzina la munthu wina, kaya ndi achimwene anu a ku Joni, aimbireni kaye atulutsemo akaunti yawo. Ngati mwini dzinalo simukumudziwa, update yaikulu isiyeni.

Kenako sungani zanu pena. iCloud imapereka malo aulere a 5 GB okha, Google imapereka 15 GB, ndipo kukweza zithunzi zonsezo kumadya bandulo. Njira yotchipa ndi chingwe ndi kompyuta: lumikizani, koperani zithunzi ndi mafayilo. Pa Android muli ndi mwayi wa memori khadi. Pa iPad, pulogalamu ya iTunes kapena Apple Devices pa Windows imasunga zonse mukadina Back Up Now.

Chachitatu ndi malo. iPad 7 ndi 8 zambiri ndi za 32 GB, ndipo update yaikulu imafuna magigabayiti angapo kuti itsike ndi enanso oti idzitambasulire. Lowani mu General, iPad Storage. Pa pulogalamu imene simuigwiritsa ntchito kawirikawiri dinani Offload App, imachoka koma zanu za m'katimo zimatsala. Pa Android chimene chimadzaza malo nthawi zambiri ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, a kumpingo, a maukwati, a anzanu a kusukulu. Mu WhatsApp momwemo lowani Storage and data, Manage storage, muyambe ndi zazikulu. Malo akakanikabe pa iPad, pangani update kudzera pa kompyuta: fayilo imatsikira pa kompyutapo, tabuleti n'kungolandira.

Tsopano intaneti. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook siitsitsa update, pamafunika bandulo wamba. Wi-Fi ya ku ofesi kapena ku koleji ndi yabwino ngati akulolani. Mukamagwiritsa ntchito hotspot ya foni, kaya ya TNM kaya ya Airtel, dziwani kuti tabuleti imaiona ngati Wi-Fi yopanda malire. Imayamba kutsitsa update ya pulogalamu iliyonse ndi kukweza zithunzi, bandulo n'kutha inu musanayambe n'komwe chimene mumafuna. Pa iPad dinani kachilembo ka i pambali pa dzina la hotspot muyatse Low Data Mode, ndipo muzimitse pokhapokha pamene mukutsitsa update mwadala. Pa Android, m'makonzedwe a Wi-Fi yomweyo, sankhani kuti ndi metered, kutanthauza kuti ili ndi malire. Mu Play Store sinthaninso Auto-update apps. Ngati netiweki yanu ili ndi bandulo ya usiku, imeneyo ndiyo yake.

Pomaliza batire. Magetsi akathima pamene update ikutsika, rauta ingozima ndipo mudzapitiriza akayaka. Choopsa ndi tabuleti kuzima pamene ikuika, pamene pa sikirini pali chizindikiro cha kampani ndi kamzere koyenda. Batire la tabuleti ya zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi limanama: limaonetsa 40 kenako n'kuthima. Tchajani mpaka idzaze, isiyeni pa tchaja, ndipo ngati dera lanu magetsi sadalirika tsiku limenelo, lumikizani pawa banki. Mukaona sikirini yatukuka pakona kapena kumbuyo kwafufuma, batire latupa. Musatchaje, musapange update, pitani nayo akasinthe batire.

Chachisanu: update yeniyeniyo

Pa iPad: Settings, General, Software Update. Nthawi zina pamaoneka ziwiri, kachigamba ka imene muli nayo pamwamba, yaikulu yatsopano pansi, ndiye werengani musanadine. Pa Samsung: Settings, Software update, Download and install. Pa zina: Settings, System, System update. Ikayamba kuika isiyeni, ngakhale kamzere kaoneke ngati kaima. Ikatha yang'ananinso, chifukwa tabuleti imene yakhala nthawi yaitali osalumikizidwa imalandira ma update motsatizana.

A Android ali ndi khomo lachiwiri limene ambiri salidziwa. Kuyambira pa Android 10, Google imatumiza yokha zigawo zina osadzera kwa wopanga tabuleti. Mu Settings lembani Google Play system update pofufuzira, mudine. Imabwera ngakhale pa tabuleti imene kampani yake inaisiya.

Tsiku loyamba kapena lachiwiri tabuleti imatentha ndipo batire limatha msanga. Ikusanja zinthu m'kati, musafulumire kuiweruza. Ikapitiriza kulemera, pa iPad lowani mu Accessibility muyatse Reduce Transparency ndi Reduce Motion. Ngati mawindo aja akukusokonezani, mu Multitasking & Gestures sankhani Full Screen Apps, ibwerera m'mene munaizolowera.

Chachisanu ndi chimodzi: ngati yafika pamapeto

Tabuleti imene yasiya kulandira update siifa tsiku lomwelo. Mapulogalamu ndi amene amaisiya imodziimodzi, ndipo malire ena ndi odziwika. Mu 2025 WhatsApp inayamba kufuna iOS 15.1 kupita m'tsogolo, ndipo mu May chaka chomwecho inatulutsa pulogalamu yakeyake ya iPad. Choncho iPad Air 2 ya mu 2014 ikhoza kukhala ndi WhatsApp, koma Air yoyamba ayi. Mumailumikiza ndi foni yanu pojambula QR code mu Linked devices, sipafunika SIM. Chrome inasiya kutumiza zatsopano ku Android 8 ndi 9 mu August 2025. Google Play services, imene mapulogalamu ambiri amaidalira, inasiya Android 4.4 mu 2023 ndi Android 5 mu 2024. Pa Android 7.0 kutsika pansi mawebusayiti ambiri amakana kutseguka, amati kulumikizana n'kosatetezeka, chifukwa ziphaso zimene tabuleti imazidziwa zinatha ntchito. Koma musanaweruze onani deti. Tabuleti imene yakhala mu dirowa batire litatheratu imadzuka ili m'chaka china, ndipo deti lolakwika limabweretsa uthenga womwewo.

Pa iPad yakale pali kanjira kena. Ngati pulogalamu munaitsitsapo kale ndi akaunti yanu, ngakhale pa chipangizo china, App Store imatha kukufunsani ngati mukufuna mtundu wakale wogwirizana ndi iPad yanu. Yang'anani pa mndandanda wa zimene munatsitsapo. Sizitheka pa pulogalamu iliyonse, ndipo zina zimatsika koma n'kukana kulumikizana.

Langizo langa ndi lakuti ndalama muzichotse pa tabuleti yotere. Mapulogalamu a banki ndi imelo imene mumalandirira manambala achinsinsi zikhale pa foni imene ikulandirabe chitetezo. Airtel Money pa *211# ndi Mpamba pa *444# zimagwira pa kafoni kamabatani, sizifuna tabuleti. Musalandirenso mafayilo a APK, oikira mapulogalamu, odzera pa Xender kapena m'magulu, ndipo WhatsApp zosinthidwa monga GB WhatsApp zimatha kutseketsa nambala yanu.

Ntchito zina zilipo zambiri, makamaka zosafuna intaneti. Mapepala a mayeso akale a JCE ndi MSCE pa PDF. Baibulo ndi nyimbo za kwaya. Mavidiyo a maphunziro pa memori khadi, oonera pa VLC. Kiwix, imene imasunga Wikipedia m'tabuleti momwemo. Zithunzi za katundu zoonetsa makasitomala ku saluni, kwa telala kapena kwa kalipentala ku Ndirande. Mukamapatsa mwana, Guided Access pa iPad kapena App pinning pa Android imamutsekera mu pulogalamu imodzi.

Za kufulasha

Okonza mafoni ena adzakuuzani kuti aifulasha ikhale ndi Android yatsopano. Funsani kuti aikamo chiyani. Ngati akubwezeramo pulogalamu ya kampani yomweyo, zimathandiza tabuleti imene yakanirira pa chizindikiro poyaka, koma nambala ya Android siikwera kupitirira malire aja. Ngati akunena za LineageOS, imeneyo ndi Android yokonzedwa ndi anthu odzipereka, ndipo pa matabuleti amene ali pa mndandanda wa webusayiti yawo imaperekadi moyo wina. Mtengo wake ndi uwu: zonse za m'kati zimafufutika, mapulogalamu ena a banki amakana kutseguka, ndipo pa Samsung chitetezo cha Knox chimaduka osabwereranso. Pa iPad palibe njira yotere. Wokuuzani kuti aika iPadOS 26 pa iPad Air 2, mutsanzikeni mwaulemu ndalama zanu zili m'thumba.

Mukamagula ina yogwiritsidwapo kale

Chitani zonse muli pomwepo, musanalipire. Tsegulani About muone nambala ya modelo, muiyerekeze ndi yolembedwa kumbuyo, chifukwa chikuto chimasinthidwa. Pa iPad wamba, chilichonse chotsika pa m'badwo wa 8 muchigule mukudziwa kuti chinafika kale pamapeto, ndipo mtengo utsike molingana. Ya 32 GB idzakuvutani pa update iliyonse. Pa Android onani deti la security patch, ndipo tsegulani Play Store muone ngati ilipo ndipo ikugwira. Mu Settings ya iPad mukaona mawu akuti supervised kapena managed pamwamba, ndi ya sukulu kapena kampani ina, ndipo eni ake akhoza kuitseka ali kutali.

Kenako pemphani wogulitsa kuti aifufute inu mukuona: Erase All Content and Settings pa iPad, Factory data reset pa Android. Yatsani hotspot ya foni yanu, ilumikizeni, mudutse masitepe onse oyambira mpaka ifike pa sikirini ya mapulogalamu, ndipo mulowetsemo akaunti yanu. Zimatenga mphindi zingapo ndi data yochepa. Ikafunsa imelo ya munthu wina, wogulitsa n'kuyamba zoti "zimenezo akakutsegulirani anyamata", ibwezeni pa tebulo.